Khadi la Kumapeto kwa Buku

Ku laibulale onse ankawatcha Mayi Guluu. Anagwirako zaka makumi atatu m'kachipinda kakuseri, kusoka mabuku othothoka masamba. Zida zawo zinali singano, ulusi, botolo la guluu ndi njerwa ziwiri zokuta nsalu, zotsindirira buku likamauma. Lamulo lawo linali limodzi: buku long'ambika silisungidwa lisanakonzedwe.

Dziko loyandikana ndi lawo litayamba kuponya mabomba, komiti ya laibulale inakangana masiku atatu. Ena ankati mabuku a olemba a dzikolo awotchedwe. Ena ankati wolemba amene anafa kalekale sanawombere munthu. Pomaliza anagwirizana zowachotsa m'mashelefu n'kuwalonga m'makatoni. Za moto anati agamula Lachisanu.

Wolimbikira za moto anali mlongo wawo wa Mayi Guluu, kalipentala amene anakhoma mashelefuwo. Mwana wake, msilikali, anali atafera kumalire mwezi womwewo.

Lachinayi masana kalipentala analowa m'kachipindako n'kupeza mayiwo akusoka limodzi mwa mabukuwo.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mukusokera moto?"

"Long'ambika sililowa m'katoni."

"Anthu amenewa atiphera mwana."

"Ndikudziwa. Ndinamubereka kumsana ine. Tagwirani apa, guluu angaume."

Anagwira, poti kuyambira ali ana, achemwali akati gwira ankagwira.

Kuchikuto chakumapeto kunali kathumba kokhalamo khadi lolembapo mayina a obwereka. Mayi Guluu analisolola kuti lisamatike, n'kuliika patebulo. Sanachite dala. Ankatero ndi buku lililonse.

Kalipentala analiyang'ana. Dzina la mwana wake linalipo kasanu. Loyamba linali la zilembo zopendama za mwana wasukulu, lomaliza la chaka chatha.

"Uyu ankati akupita kumpira."

"Mpira wake unali pabenchi apo. Banga ilo ndi tiyi wake. Anandichonderera kuti ndisakuuzeni."

"Buku lake likunena chiyani?"

"Za woyendetsa sitima wokalamba ndi galu wake. Palibe mfuti."

Kalipentala anakhala pampando, khadi lili m'manja. Mayi Guluu sanamutonthoze. Anatsindira bukulo ndi njerwa n'kutenga lina. Kenaka kalipentala anatukula njerwa, nabwezera khadilo m'kathumba kake, n'kugogoda katoni imodzi ndi phazi.

"Izi chiswe chidya mvula isanathe."

Lachisanu ku komiti kalipentala anangonena mawu ochepa. Anati mabukuwo sakufuna kuwaona pa mashelefu ake mpaka nkhondo ithe, ndipo aliyense wotsutsa akamupeze kumanda kwa mwana wake. Za moto sanatchule. Winanso sanatchule.

Lolemba anabwera ndi mabokosi anayi a matabwa, okhala ndi zivundikiro. Mayi Guluu anapisa dzanja m'limodzi, n'kupapasa m'makona.

"Msomali uwu watulukira, achimwene. Ung'amba chikuto."

Kalipentala anatenga hamala.