Ng'oma ziwili za chikopa chimodzi

Asibweni, lelo mwandibwelela m'maganizo. Kuchalichi kwathu kuno ku Lundazi agula ng'oma za bandi, ndipo poti woimba ndine, anandipatsa kuti ndizimange. Nditasuzumila mkati ndinapeza kuti si mtengo umodzi wogoba ngati zanu zija, koma timatabwa topyapyala tomatikiza ndi guluu. Ndinatulutsa foni kuti ndikufunseni, kenako ndinakumbukila kuti papita zaka zitatu chikuikileni m'manda ku Kapichila.

Mukukumbuka tsiku lija munakunga ng'oma ziwili ndi chikopa cha ng'ombe imodzi? Ina inkalila mozama mpaka kumveka m'mimba, inzake inkalila mokweza ngati ikukalipa. Ine ndinati mwina zikopazo mwakoka mosiyana. Munaseka, n'kunena kuti, "Lowetsa mkono kunsiku, upapase." Ndinapapasa. Yozama ija munaigoba mpaka khoma lake kupyapyala, inayo munaisiya yochindikala. "Wamva? Iwe umangoyang'ana chikopa, koma mawu amakhala mumtengo." Nanga izi zogula, Asibweni, bwanji n'zopyapyala koma sizifika m'mimba? Ndi guluuyo, kapena mtengo ukadulidwadulidwa mawu ake amachepa? Amama, alongo anu, akuti ng'oma yanu yomaliza ikadali m'nyumba mwanu, yopanda chikopa, ndipo akufuna ndiikunge ine. Ndikuopa kuiwononga. Sindikudziwa ngati munaleka kugoba chifukwa inali itakwana, kapena ndi matenda aja anakulandani sompho m'manja.