Wokonza nsapato amene ankamva ndi maso

Mlamu wanga amakonza nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Makutu ake anafa ali mwana, atadwala kwambiri, koma kulankhula amalankhula, mokweza ngati akuitana munthu wa patsidya. Amamva ndi maso. Ukamuyang'ana n'kulankhula bwinobwino, amatola mawu pamilomo pako. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo chimwalirire mkazi wake amakhala yekha.

Chaka chimene kunabwera chimfine choopsa chija, uthenga unkayenda pa wailesi ndi pa galimoto ya zimkuzamawu. Zonsezo zinamudutsa. Iye anangoona anthu ayamba kubwera ataphimba mphuno ndi pakamwa, kuika nsapato chapatali, n'kubwerera m'mbuyo. Akasendera kuti awamvetse, iwo ankasendera uko.

Anaganiza kuti akununkha. Anataya nsapato zakale zimene zinaunjikana pansi pa benchi, anasintha guluu, anakolopa khonde ndi sopo. Anthu osasintha. Anagula mswachi watsopano. Kenako anasiya kufunsa makasitomala chimene abwerera, ankangoganizira. Wina anafuna kusoketsa lamba wa nsapato, iye anamuikira chidendene. Anthu anayamba kupita kwina, akuti mdala uja wayamba mwano.

Amene anazindikira ndi mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana naye, atamupeza akununkhiza m'khwapa mwa malaya ake. Anamukokera pawindo la shopu yake, mayiyo n'kulowa m'kati, kutseka windo, n'kuvula chophimba pakamwa. Anamufotokozera pang'onopang'ono ali kuseri kwa galasi, kuti kwagwa matenda a chifuwa oyenda ndi mpweya, munthu akatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhulira mnzake pafupi, ndipo akuluakulu ngati iye ndi amene akugwa nawo kwambiri.

"Ndiye si ine?" anafunsa mlamu, msewu wonse n'kumva.

"Kununkha mumanunkha guluu, achimwene, koma tinazolowera kalekale."

Mlamu anaseka, kenako anakwiya. Anati anthu onsewa, ena anawasokera nsapato za ukwati wawo, panalibe ndi mmodzi yemwe woti amuuze? Mayiyo anati aliyense ankayesa kuti akudziwa kale, poti nkhaniyo inali paliponse.

M'mawa mwake mlamu anapita kwa kalipentala kukapempha windo lakale, la galasi long'aluka pakona. Analiimika pabenchi, pakati pa iye ndi kasitomala. Mayi uja anamusokera chophimba chake, ndipo anachivala, ngakhale ankadandaula kuti misomali alibenso poiluma. Lamulo lake linali lalifupi: ima kuseri kwa galasi, tsitsa nsalu, nena vuto la nsapato, bweza nsalu.

Makasitomala ena anabwerera, ena anali atazolowera kwina. Ntchito inakwana yoti adye. Masana ikachepa, ankagogoda pagalasi ndi chigwiriro cha hamala, kuitana aliyense wodutsa amene amamudziwa, kuti aime pamenepo amuuze zimene wailesi yanena lero.