Kangaude wa a Magalasi

Mumsewu mwathu aliyense ankawatcha a Magalasi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali kudula magalasi ndi kuwaika m'mawindo. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha. Sanali munthu wa nkhani. Mayi a kunyumba atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo awiriwo ankatha kudyera pa tebulo limodzi sabata yathunthu, mawu omveka ali akuti, "Patseni mchere."

Mwanayo ankakonda tizilombo kuyambira ali wamng'ono. Atapeza mwayi wa maphunziro kudziko lakutali, anawasiyira bambo ake kangaude amene anamutola pa mpanda wa kuseri. Anali wamkazi, wa mimba yachikasu ya mawanga akuda, mtundu uja woluka ukonde wozungulira ngati wilo la njinga.

"Ababa, musamuphe. Muzipopera madzi pang'ono m'mawa, ntchentche zitatu pa sabata, basi."

"Anzanga amawasiyira zidzukulu, ine kangaude," anatero a Magalasi, osaseka.

Katoni imene mwanayo ankasungiramo kangaudeyo sinawasangalatse. Anakhoma bokosi lofika m'chiuno, galasi kutsogolo, sefa m'mbali kuti mphepo izilowa, nkuliika mu shopu yawo pakona posafika dzuwa. Kangaude anangodzipanikiza pamwamba, masiku atatu osaluka. Tsiku lachitatulo a Magalasi anachita chimene anali asanachitepo: anaimba foni okha, osadikira kuimbiridwa.

"Sakuluka."

"Mwamuikira timitengo tomangapo ulusi?"

"Timitengo?"

Anaika timitengo titatu. Kutacha anapeza ukonde, madontho a madzi akunyezimira pa ulusi. Anaima pomwepo mpaka tiyi wawo anazizira.

Ntchentche yakufa kangaudeyo sankaiyang'ana nkomwe. Ankafuna yamoyo, yogwedeza ukonde. Choncho bambo wa imvi uja anayamba kuoneka kuseri kwa butchala, kapu m'manja, akunyang'ama ngati mphaka. Mwini butchala ankafuula kuti, "A Magalasi, nyama yakukanikani mwayamba ntchentche?" Mlongo wawo, amene ankabwera Loweruka kudzasesa, ataona bokosilo anakweza tsache.

"Achimwene, mutu ukugwira? Ine kusesa akangaude, inu kuwamangira nyumba ya galasi!"

"Ndi wa mwana," anayankha, ndipo tsachelo linatsika.

Lamulungu lililonse masana ankaimba foni. Ankakonzekera ngati mayeso, atalemba kuseri kwa kabuku ka miyeso: wadya njenjete Lachiwiri, wagwetsa ukonde wakale Lachinayi. Tsiku lina anapeza akangaude awiri, wina atauma gwa, mtima unawaphulika. Atamuimbira foni, mwanayo anaseka mpaka kutsokomola. "Ababa, wangofundula, akukula!" Kuseka kwake kunali kwa malemu mayi ake ndendende. Foni itadulidwa, iwo anakhala kanthawi idakali kukhutu.

Zimene ankafunitsitsa kufunsa zinali zina. Ukudya bwino? Kumeneko akakuzunza umalirira ndani? Ubwera liti? Mafunsowo ankafika pakhosi nkubwerera, pakamwa nkutuluka za ulusi ndi ntchentche.

Mwezi wa khumi ukonde unayamba kuchepa, wa mipatamipata ngati dengu lakale. Kangaude anasiya kudya. M'mawa wina anamupeza pansi pa bokosi, miyendo itapindikira pamimba. Lamulungu limenelo sanaimbe. Anapita ku mpanda wa kuseri, napeza wina wofanana naye kwambiri. Anatsegula kapu kuti amugwire akamuike m'bokosi, nkuima nthawi yaitali. Kenako anaitseka yopanda kanthu. Kunamiza mwana sanathe.

Lachiwiri mwanayo anaimba yekha.

"Ababa, mwadwala?"

"Iyayi. Wafa."

Mwanayo anati, "Ndimadziwa. Amenewa sapitirira chaka. Ndimaopa kukuuzani."

"Nanga tsopano ndizikuimbira za chiyani?"

Anangoti atanena, anachita manyazi, koma mawu anali atatuluka kale. Anamva mwana wawo akufwenthera.

"Muzingoimba, ababa. Mundiuze mwadula chiyani lero."

Anamuuza za windo la mayi wina wosoka zovala limene ana anaswa ndi mpira, ndi mmene mayiyo anathamangitsira anawo atanyamula sizasi. Nkhaniyo inatuluka yopotoka, koma mwanayo anaseka. Asanadule anawauza kuti chaka chino sabwera, mwina chamawa. "Chabwino, limbikira," anatero a Magalasi, nakhala pansi pa benchi.

Mpaka lero akuimbabe Lamulungu. Masiku ena nkhani imatha pa mphindi ziwiri, ena imafika theka la ola. Mwezi watha anapenta chipinda cha mwanayo, nasintha galasi la pawindo lake lomwe linang'aluka kalekale. Mlongo wawo atafunsa ngati kukubwera mlendo, anati ayi, angofuna kuti zikhale zokonzeka.