Anesi Owerenga Mpweya

Anesi a pa wodi ya amuna anali mayi wa changu, wa pakamwa pakuthwa. Zaka khumi ndi zisanu akubaya jakisoni, ndipo ngakhale madokotala ankayamba awafunsa iwo asanalembe mankhwala.

Mliri utabwera, wodi yawo inadzaza ndi anthu obanika. Mabedi makumi awiri, masilinda a okosijeni anayi basi. Ntchito yawo inali kuima pambali pa bedi, wotchi m'manja, maso pachifuwa cha wodwala, n'kuwerenga kuti wapuma kangati pa mphindi imodzi. Wopuma mofulumira kwambiri ndiye ankalandira silinda. Enawo ankadikira, ndipo ena sankafika mawa.

Mliri unatha, koma kuwerengako sikunathe ayi. M'basi ankawerenga kapumidwe ka kondakitala. Pamsika ankayang'anitsitsa chifuwa cha wogulitsa tomato mpaka mayiyo kufunsa, "Mukugula kapena mukundiyeza?" Ankaseka nawo, koma mumtima munali mantha okhaokha. Kukauza a metroni, akulu a manesi? Aaa, zosatheka! Anthu akamva kuti anesi mutu sukuyenda bwino, ndani angawapatsenso wodi?

Lamlungu lina masana, amuna awo, telala wosalankhulalankhula, anali pakhonde akusoka malaya. Anesi anakhala moyang'anana nawo, milomo ikugwedera pang'onopang'ono.

"Mwafika pa zingati?" anafunsa telala osadzutsa mutu.

"Zingati chiyani?"

"Mukundiwerenga, amake mwana. Chaka chatha tsopano." Anaika singano pansi. "Ndikakwera chitunda pochokera ku shopu, ndimayamba ndaima kuseri kwa mpanda mpaka wefuwefu atatha, kuti musandione. Chifuwa chikandigwira ndimakatsokomolera kubafa. Mwana naye ndamuphunzitsa zomwezo. Tatopa, mayi. Tikufuna tizipuma momasuka m'nyumba mwathu muno."

Anesi anafuna kuwakalipira, koma chimene chinatuluka ndi kulira, kulira kwenikweni kwa misozi ndi mamina, komwe sanalirepo mliri wonse uja. Zinawapweteka kwambiri kuti mwamuna wawo ndi mwana wawo yemwe akhala akupuma mozemba ngati akuba.

M'mawa mwake sanavale yunifomu. Anapita kuchipatala chawo chomwecho n'kukhala pabenchi, panja pa chipinda cha aphungu a za maganizo. Mnzawo wa pa wodi anadutsa ndi thireyi ya mankhwala, kenako n'kubwerera modabwa.

"Asisi, mwaperekeza ndani?"



"Palibe," anayankha anesi aja. "Wodwalayo ndine."