Tchuthi cha a Quek

A Quek Boon Hock anali injiniya pa kampani ina yaikulu ku Singapore, yosungira anthu zinthu zawo pa intaneti. Makina a kampani yotere sagona, choncho ngakhale pa zikondwerero pamafunika munthu wodikirira foni, kuti makina akafa awadzutse. Ntchito imeneyi aliyense ankaithawa ngati mphere, koma a Quek ankachita kuipempha. Hari Raya ikafika, Asilamu ankangoti, "Ankolo, mutigwirireko." Amwenye pa Deepavali chimodzimodzi. Ngakhale pa Chaka Chatsopano cha Atchaina, chikondwerero cha mtundu wawo weniweni, a Quek ankapezeka ali phee mu ofesi.

Anzawo ankawatama kuti ndi munthu wamtima wabwino. Mtima wabwino wa chiyani! Chimwalirireni mayi awo, kunyumba kunalibe wowafunsa kuti mwaswera bwanji. Mlongo wawo anakwatiwa kunja kwa dziko, ku Perth, ndipo foni ankaimba mwa apo ndi apo. Ntchitoyo inali pobisalira basi, poti munthu akakhala pa ntchito palibe amamufunsa chifukwa chimene akudyera yekha.

Ndiye kunabwera bwana watsopano, mayi Norhayati, munthu wachifundo ndithu. Pa msonkhano anati, "Zaka zonsezi mwakhala mukuwakwera pamsana bambo awa, manyazi mulibe? Chaka Chatsopano chino amene agwire ntchitoyi ndi Hafiz. A Quek, inu mupite mukadye ndi abale anu."

"Ayi mayi, ine sindidandaula..."

"Ndanena ndanena."

Anthu anawomba m'manja. Hafizyo, injiniya wanthabwala, anakuwa, "Ankolo, mukadyeretu! Mukabwere mimba ili uko!" A Quek anaseka nawo, koma anachita mantha ndi masiku amenewo. Mawu oti wina andiitaneko kwawo anafika pakhosi n'kubwerera. Bambo wa imvi anganene bwanji zimenezo pagulu?

M'mawa wa chikondwererocho anavala malaya ofiira n'kutenga manachesi awiri, poti tsiku limeneli munthu salowa pakhomo pa mnzake chimanjamanja. Anaganiza zokacheza ndi Hafiz ku ofesi. Akanangonama kuti amadutsa.

Anapeza ofesi ili zii, magetsi ozima. Mlonda wa pakhomo, a Rosli, anadabwa powaona.

"Mukufuna Hafiz? Akugwirira kunyumba kwake, bwana. Onse amatero, foni ndi kompyuta basi. Ndinu nokha amene mumabwera kuno pa tchuthi."

Zimenezo a Quek ankazidziwa bwino. Anali atangoiwala kuti anthu ena kunyumba kumawakomera.

Anayang'ana foni yawo, kulakalaka makina ena atafa kuti mwina angawaitane. Ayi ndithu, zonse zinkayenda bwinobwino. Anapereka manachesi aja kwa a Rosli ndi manja awiri, kenako anakhosomola pang'ono.

"Kodi mwadya kale, achimwene? Malo odyera a Amwenye apawa atsegula. Tiyeni tikadye limodzi, ndilipira ine."

"Pepani bwana, mayi akunyumba anandilongedzera mpunga, ndadya kale. Komanso pakhomo pano sindingachokepo. Thamangani inu, abale akukudikirirani."

"Eya," anatero a Quek, "akundidikirira."

Anatuluka ndi liwiro ngati munthu amene wachedwadi, mpaka anakhota pakona pamene a Rosli sakanawaonanso. Apo anaima, osadziwa kuti akwere basi yopita kuti.