Nthanga za Amayi Ndinakazilandira ku KwaMashu

Ndinanyamuka ku Umbilo Loweruka m'mawa, mwezi wa Julaye. Anthu a kuno anali atavala zipewa zaubweya mpaka m'makutu, ati kukuzizira. Ine wa ku Dedza ndimangowayang'ana, chisanu cha ku Durban n'chamasewera.

Ndisanatuluke pageti ndinakazonda kadimba kanga. Musaganize dimba la kudambo ayi. Ndi kamalo ka pakati pa chimbudzi ndi chingwe choyanikapo zovala, kamene eni nyumba anandilola kukumba. Chisanu chonsechi, ndikaweruka kosoka zovala, ndakhala ndikutolamo mabotolo osweka ndi kuthiramo manyowa a nkhuku. Mbewu ya sipinachi ndi anyezi ndinagula kale m'sitolo. Koma mapando a m'mbali mwa mpanda ndinawasungira maungu a amayi, kuti mvula ikangoyamba ndidzale.

Amayi anamwalira chaka chatha ine ndili kuno. Mapepala anga sanali bwino, ndiye maliro ndinalirira pa foni. Munda anatenga amalume n'kudzalamo mbatatesi yokhayokha. Chotsala chinali chitini cha nthanga zimene amayi ankasunga m'phulusa kuopa tizilombo. Anali maungu aang'ono, amawangamawanga, ofumbutuka, nkhwani wake wosakanda pakhosi, ndipo mbewuyo anachita kupatsidwa ndi amayi awo. Mwana wanga Tadala anabadwira kuno, agogo akewo sanawaonepo. Ndinkafuna adzadyeko dzungu lawo.

Mng'ono wanga Lusiya amakhala nyumba ya lendi ku Lilongwe, pabwalo pali simenti pokhapokha. Anati, "Achemwali, ndikutumizirani chitini chonse, inu ndi amene muli ndi dothi." Anapatsira Anti Asiyatu, mayi wa geni amene amabwera pa basi ndi usipa n'kubwerera ndi mabulangeti. Anali atafika Lachisanu, ndipo amafikira kwa achibale awo ku KwaMashu.

Tekisi yopita m'tauni ndinalipira ma randi khumi ndi asanu. Dalaivala anatsegula nyimbo mpaka mpando kumanjenjemera, ndipo loboti yofiira ankaiona ngati malonje chabe. Ndinatsikira ku Warwick, kumsika kumene munthu umayenda chammbali chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Ndinagula magwinya awiri. Ndi mandasi omwewa, kungoti a kuno ndi onenepa ndipo mafuta ake amadutsa pepala.

Tekisi ya ku KwaMashu inali ma randi makumi awiri ndi awiri, ndipo tinakhala nthawi ndithu kudikira kuti idzaze. Pambali panga panakhala agogo ena a Chizulu atafungatira bokosi la mbande za kabichi. Titangolowa msewu waukulu, foni yanga inalira. Anali Anti Asiyatu, ndipo mawu awo safuna sipika.

"Amake Tadala! Muli pati kodi? Tiyi akuzizira kuno!"

Mu tekisi ya kuno Chichewa timachisiya m'thumba, kuopa kudziwika kuti ndife obwera. Ndinakanikiza foni kukhutu n'kuyankha kuti, "Yebo, yebo, shapu," basi n'kudula. Mnyamata wa kutsogolo anacheuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine maso pawindo, ngati kuti nyumba za m'mapirimo ndikuziona koyamba.

Agogo aja anandigwira bondo. Anandifunsa m'Chizulu, motsitsa mawu, kuti ndikupita kukatani.

"Kukatenga mbewu ya maungu, gogo. Ya amayi anga."

"Ali moyo?"

Ndinapukusa mutu.

"Eish. Ndiye usathamangire kudzala, mwanangu. Dikira nthaka ifunde. Mbewu ya munthu wakufa saseweretsa."

Ndinawapatsa gwinya limodzi. Anatsika patsogolo pa ine, ndipo mbande zawo zinkagwedera pamutu mpaka anakhota.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Nyumbayo sindinasochere, fungo la usipa linandilandira ndili pageti. M'kati munali matumba a mpunga ndi ufa mpaka kudenga, ndi anthu akwathu odzatenga katundu wawo, onse akulankhula Chichewa motsitsa ngati pamaliro. Anti Asiyatu okha ndi amene ankafuula.

Tinapatsana moni, ndinamwa tiyi uja, ndinamva za matenda ndi maukwati a anthu amene sindiwadziwa. Mwambo utatha ndinati, "Anti, nanga kachitini kaja?"

"Musadandaule, ndakupulumutsirani!" Anapisa m'chikwama n'kutulutsa jumbo ya shuga yomanga pakamwa.

Ndisanamasule n'komwe, mphuno inandiuza. Fungo la chiwaya. Ndinathira pang'ono m'manja: nthanga zofiirira, zina zakuda m'mbali, mchere uli mbuu.

"Anti, mwatani?"

"Iii, mverani kaye. Tili ku Blantyre anzanga anandiuza kuti masiku ano paboda zaziwisi akulanda, mbewu iliyonse akuponya m'bini. Ndiye ndinati zinthu za malemu zikathere m'bini? Ndinapeta phulusa lija, n'kubwereka chiwaya. Zokazinga ndi chakudya, palibe angalande."

"Zonse?"

"Zonse. Sinditaya kanthu ka munthu ine."

"Nanga pabodapo anasecha?"

Apa Anti anayang'ana pansi. "Tsikulo sanatsegule chikwama ndi chimodzi chomwe."

Mayo ine! Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuwagwira chitenje n'kuwagwedeza. Ndine munthu wapakamwa, ku shopu kosoka zovala amandidziwa. Koma ukuwa bwanji m'nyumba ya eni, ku KwaMashu, m'Chichewa? Ndinangokhala pa thumba la mpunga misozi ili chuchuchu. Bambo wina amene anadzatenga ufa anati, "Pepani mayi, maungu ali mbwee m'masitolomu, mbewu yake mukagula." Ndikanamuyankha bwenzi tikukamba zina.

Anti anakana ndalama yonyamulira. Anandiwonjezera usipa wodzaza manja awiri, n'kundiperekeza mpaka pamsewu osalankhula, chinthu chimene sindinachionepo kwa iwo. Sanachite mwankhanza mayi aja, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri, chifukwa ndilibe womuda.

Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo. Ndinamasula jumbo ija pamiyendo n'kuyamba kusankha zoyererako, mwina ina inathawa moto. Ndinkaswa ndi chikhadabo, m'kati mouma gwa. Ina, chimodzimodzi. Anti amadziwa kukazinga, palibe imene anaiphonya. Tikulowa m'tauni Lusiya anatumiza uthenga wofunsa ngati zafika. Ndinalemba kuti zafika, n'kuzimitsa foni.

Ndinafika ku Umbilo dzuwa litapendeka. Sindinalowe m'nyumba, ndinapita kuseri n'kukhala pa njerwa moyang'anana ndi mapando anga. Anali okonzeka bwinobwino, manyowa atawolerana, ndi timitengo ndinazika kale toti maungu adzayangire kumpanda. Zaka zonsezi ndinkati kwathu kulipo, kukundidikira m'chitini, tsiku lina ndidzakutenga. Ulendowu wandiphunzitsa kuti mbewu siidikira munthu amene akukonza mapepala.

Tadala anatuluka akuthamanga, n'kuona jumbo ija.

"Mama, ndi za agogo zija?"

"Ndi zomwezo."

Anatapa, anatafuna ndi makoko omwe, mchere uli pamilomo. Anatapanso kachiwiri. Sindinamuletse.

"Zikukoma, Mama! Tidzale zambiri, eti? Mpanda wonsewu."

Anatola imodzi, anakagwada pa phando loyamba, anaiika bwinobwino n'kukwirira ndi timanja take monga ndinamuphunzitsira. Kenako anathamangira kumpopi kukatunga madzi.