Matailosi a Ada Longwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito. Makolo anga anali atamwalira, ndipo ndinkakhala ndi agogo kumtunda kwa Chikale. Agogowo ankachapa ndi kusesa kwa Mayi Chimbalanga, omwe anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'maofesi a pa boma. Patchuthi ndinkapita nawo. Ndinali mwana wofatsa, wongoyang'ana, moti anthu ankaiwala kuti ndilipo.

Mayiwo anaitana bambo wina mmisiri, Ada Longwe, kuti amate matailosi pakhoma la bafa yatsopano. Bafa ina, ya alendo, mnyamata wina anaimaliza masiku awiri okha chaka chapitacho, ndipo mayiwo ankainyadira kwambiri. Popita kuntchito anandikokera pambali.

"Iwe Tamala, maso ako ndi akuthwa. Uzikhala pakhomo la bafa paja, madzulo uzindiuza zonse."

Kanali koyamba kuti munthu wamkulu andidalire. Ndinakhala pachidebe osasuntha.

Tsiku loyamba Ada Longwe sanamate kanthu. Anathira madzi m'kapaipi koonekera mkati, n'kumayenda nako ngodya ndi ngodya, akulemba timizere ndi pensulo yomwe ankaipachika kukhutu. Kenako anakhomerera thabwa chopingasa, m'mwamba pang'ono kuchoka pansi. M'mawa mwake anayamba kumata pamwamba pa thabwalo, m'munsi monse n'kusiya khoma lokhalokha. Pakati pa matailosi ankalowetsa timitengo ta machesi. Ena atawamata kale ankawamatulanso.

Madzulo ndinanena zonse, mtima uli m'mwamba. Ndinati asiya m'munsi mopanda kanthu, akumatula zomwe amata, akuseweretsa machesi. Mayi Chimbalanga anamenya tebulo. Anati mawa munthuyo anyamule zida zake, aitana mnyamata uja.

Panjira agogo anandisiya m'mbuyo, akuyenda mofulumira. "Pakamwa pako pamatseguka kamodzi pachaka," anatero osacheuka, "lero n'kutsegukira pa Ada Longwe!"

Kutacha, mayiwo anawadikirira pakhomo. Ada Longwe anavula chipewa, n'kumvetsera mpaka mawu onse atatha.

"Ndamva, Ama. Koma ndisanapite, mundibwereke supuni." Atailandira anandipatsa ine. "Bwana inspekitala, tsogolani."

Tinalowa m'bafa ya alendo. Munkanunkha chinyezi. Anandiuza kuti ndizigogoda tailosi lililonse, pakati ndi m'makona. Ambiri ankalira ngati chikho chopanda kanthu. Anati kuseri kwake kuli mphako, chifukwa simenti anangoidontheza m'malo angapo m'malo moipaka ponse, ndipo madzi akalowamo satulukanso. Anandigwaditsa kuti ndiyang'ane mzere umodzi kuchokera kukhomo. Unkatsika pang'onopang'ono kulowera kukona, ndipo pamwamba pake panali kachidutswa kosongoka kobisira vutolo.

M'bafa yatsopano supuni inkalira mouma, ngati ndikugogoda mwala. Anandigwira dzanja n'kulisisititsa pakhoma. Chala sichinakodwe paliponse, ndipo mipata inali yofanana chifukwa cha machesi aja. Kenako anatulutsa ndimu m'thumba n'kuiika pansi. Inagubuduka yokha mpaka pabowo lotulukira madzi.

"Mwaona, Ama? Pansi pa bafa pamapendekeka dala. Ndikayambira pamenepo, khoma lonse lipendekeka nawo. Mzere wam'munsi ndimamalizira, lililonse kulidula pa mulingo wake."

Mayi Chimbalanga anatenga supuni ija n'kubwerera kubafa ya alendo. Tinkawamva akugogoda nthawi yaitali. Potuluka, manyazi awo anawakankhira kwa ine, ati mwana wabodza. Misozi inali italengeza kale m'maso mwanga.

"Iyayi, Ama, sananame," anatero Ada Longwe, akuvalanso chipewa. "Chilichonse wanena ndinachichitadi. Ena ndimagwira nawo mwezi wathunthu, machesi osawaona. Uyu changomusowa n'kufunsa basi."

Anakhalabe pantchitoyo mpaka kuimaliza, ndipo masiku otsalawo ndinawafunsa mafunso mpaka kuwatopetsa.

Lero ndikalowa m'bafa yachilendo, dzanja limapita lokha pakhoma, ndipo ndimadziwa msanga ngati mmisiri anathamanga. Koma chomwe ndinachedwa kuchimvetsa n'china. Munthu uja ndinali nditamuika pamoto pamaso pa bwana wake, ndipo akanangokhala chete, mlandu wonse ukanagwera ine, mwana wamasiye wa wantchito wam'nyumba. Palibe akanamudzudzula. Iye anasamala dzina langa monga ankasamalira kuseri kwa tailosi, komwe mwini nyumba sadzakuona n'komwe.